Kodi Kusunga Ndiko Umbombo?

Caka ciri kutha. Cimanga camera, makasu ali kumunda m'mawa ndi madzulo, ndipo pa miseu magalimoto adzaza ndi ana athu ocokera ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, akudza kudzaona makolo ao pa masiku a Krisimasi. Tiyamika Mulungu amene watisunga miyezi yonseyi, pakuti ena amene tinayamba nao caka lero sali nafe. Koma pali funso limene libvuta mitima ya Akristu pa nyengo yino, ndipo tifuna kulisanthula pamodzi ndi inu: Kodi munthu wokana kumwaza cuma cace pa madyerero ali waumbombo, kapena ali wanzeru?

Poyamba tibvomere kuti madyerero sali cimo. Ambuye wathu mwini anakhala nao pa ukwati wa ku Kana, ndipo vinyo atatha sanawadzudzule eni phwando, koma anawathandiza. Nkwabwino kuti agogo aone adzukulu ao, kuti abale amene anakangana pa malire a munda adye m'mbale imodzi, kuti mwana wocokera kutali amphere nkhuku ndi kumphikira mpunga. Makolo athu anati mlendo ndi mame. Tsono amene ali nazo, nabisa pamene mbale wace wafika pakhomo, sitimtama konse. Ameneyo ndiye waumbombo.

Komatu taonani nyengo imene tsikuli litigwera. Malembo sanena tsiku limene Yesu anabadwa. Mbiri yakale isonyeza kuti Akristu a ku Roma analikusunga 25 Disembala m'caka ca 336. Kumeneko imeneyo ndiyo nyengo yozizira, pamene zokolola zalowa kale m'nyumba. Kwa ife kuno tsikuli liima pa khomo la njala. Nkhokwe zambiri zayamba kale kuoneka pansi, cimanga caciwisi sitidzaciona kufikira kumapeto kwa Febuluwale kapena Malici, ndipo kukolola kweni kweni nkwa Epulo ndi Meyi. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limatha pafupifupi thumba limodzi la makilogalamu 50 pa mwezi. Werengani nokha: kuyambira Krisimasi kufikira masika afunika matumba anai. Ndipo miyezi yomweyi ndiyo imene cimanga cikwera mtengo pa msika, kotero kuti wogulitsa ndowa imodzi mu Disembala kawiri kawiri saipezanso ndi ndarama yomweyo mu Febuluwale.

Si cakudya cokha. Masabata omwewa munda ufuna fetereza wobereketsa, ndipo akacedwa phindu lace licepa. Mu Januwale sukulu zitsegulidwa, ana afuna makope, zolembera ndi zobvala. Mvula ibweretsa udzudzu, udzudzu ubweretsa malungo, ndipo mwana akatentha thupi usiku, njinga yomtengera ku cipatala ifuna malipiro. Onjezani apo kuti mu Novembala 2023 mphamvu ya Kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100, ndipo mitengo ya sopo, suga ndi mafuta inakwera. Ndarama imodzi siigula kawiri. Imene yapita ku mowa pa tsiku la Krisimasi siidzapitanso kumunda.

Cifukwa cace tifunse funso lina, limene liri pansi pa loyamba lija: Kodi ndarama imene atate amwaza pa madyerero nja yani? Iwo adzati, Nja ine, ndinaikhetsera thukuta. Nzoona kuti thukuta ndi lao. Koma ndarama imeneyo iri ndi eni ace ena amene sakhoza kudzinenera: mwana amene adzagona ndi njala mu Febuluwale, mai amene adzasiya munda wace uli ndi udzu kukagwira ganyu m'munda wa wina cifukwa ca mbale ya ufa. Ndipo onani kuipa kwace: pamene iye apalira kwa eni, cimanga cace cifiira m'thengo; cikafiira, zokolola zicepa; zikacepa, njala ya caka camawa ifika msanga. Potero phwando la masiku awiri lidya zaka ziwiri. Munthu wopatsa alendo cakudya ca ana ace a mawa sali woolowa manja, wangopereka za mwini.

Coposa apa ndi ngongole. Tiyerekeze kuti munthu atenga K50,000 kwa wakatapila, napangana kubweza K75,000 pakutha mwezi. Nyama idyedwa tsiku limodzi, koma pofika Januwale ndaramayo palibe, ciongoladzanja cikwera, ndipo mbuzi, njinga, ngakhale malata a nyumba acoka. Momwemonso magulu ambiri a banki m'khonde amagawana ndarama zao kumapeto kwa caka. Amai anasonkha pang'ono pang'ono miyezi yonse, akudzimana ndiwo. Kodi nkoyenera kuti nchito ya caka cathunthu ithe pa sabata limodzi?

Nanga cimene cikankha anthu ozindikira kucita zotere nciani? Tiyesa kuti si njala ya m'mimba, koma manyazi. Uyu waona mnansi wace atagula mbuzi, iyenso afuna mbuzi. Uyo waona nsaru yatsopano pa mkazi wa mnzace, tulo tamthawa. Akuru anati, ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Ndipo katundu wolemera koposa agwera ana athu a kutali. Ambiri a iwo agwira nchito yowawa, alipira nyumba ndi cakudya tsiku ndi tsiku, ndipo kumene ali sali olemera ai. Koma pofika kumudzi aopa kunenedwa kuti anapita pacabe. Cifukwa cace agulira mudzi wonse zakumwa, nabwerera ali ndi ngongole ya ulendo. Ena poopa manyazi omwewo saonekanso kwao zaka zambiri, nasanduka macona. Inu makolo, musayese cikondi ca mwana ndi kukula kwa katundu wace. Mlandireni pakuti wafika wamoyo. Muyambe mwamfunsa za moyo wace musanayang'ane m'thumba mwace.

Tidziwa kuti wina adzati, Za mawa nza Mulungu. Kusunga ndiko kucepa cikhulupiriro. Iai, mbale. Cimene Ambuye analetsa ndi nkhawa yodya mtima, kusamala sanaletse. Yosefe anakundika tirigu m'Aigupto zaka 7 za dzinthu, napulumutsa anthu m'zaka 7 za njala, pamodzi ndi abale ace omwe anamgulitsa. Ndipo Yesu atadyetsa khamu la anthu 5,000, analamulira kuti makombo atoledwe, nadzala mitanga 12. Ngati Iye wokhoza kucurukitsa mkate sanalole kuti nyenyeswa zitayike, nanga ife amene tiupeza ndi khasu? Dziko lathu laphunzira ici ndi misozi: njala ya 1949, njala ya 2002, namondwe Freddy mu 2023, ndi ng'amba ya 2024, pamene maboma 23 mwa maboma 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi. Palibe mmodzi wa ife adziwa m'mene mvula yino idzathera.

Winanso adzati, Wosauka ali ndi tsiku limodzi lokha lakusekera. Kodi mufuna kumlanda ndi lomwelo? Mau awa ali ndi kulemera, ndipo sitiwapeputsa. Asekere ndithu, ana alawe mpunga ndi tiyi wa mkaka. Tingopempha kuti kuseka kwa lero kusagulidwe ndi kulira kwa mawa, pakuti wolemera akaononga angocepetsa cuma cace, koma wosauka akaononga agulitsa mbuzi yace yotsiriza.

Apa tsono yankho lioneka. Waumbombo ndi wosunga onse awiri atseka dzanja, koma mitima yao isiyana. Waumbombo asunga cifukwa akonda cuma; wosunga asunga cifukwa akonda anthu amene adzacifuna. Mudzawazindikira mu Febuluwale: mkazi wamasiye akafika ndi lichero, woyamba adzati mulibe, winayo adzalowa m'nkhokwe. Wokhoza kupatsa pa nthawi ya njala ndiye amene anadziletsa pa nthawi ya madyerero.

Cifukwa cace tikupemphani, tsiku lisanafike, mwamuna ndi mkazi akhale pansi awiri, awerenge matumba, apatule za munda, za sukulu ndi za matenda. Cotsalaco ndico ca phwando, ndipo acidye ndi mtima woyera wopanda mantha. Pasakhale ngongole cifukwa ca cakudya ca tsiku limodzi. Wocokera kutali asunge ndarama yobwererera asanayambe kugawa. Mowa usalande atate kwa ana amene anawayembekeza caka conse. Ndipo pa mphasa panu pakhale malo a nkhalamba kapena mwana wamasiye amene alibe womuitana. Mbale imodzi yoonjeza siisaukitsa nyumba.

Kumbukirani kuti Mwana amene tikondwerera kubadwa kwace anagonekedwa modyera ng'ombe, ndipo pomuonetsa ku Kacisi makolo ace anapereka mbalame ziwiri, ndiyo nsembe imene cilamulo ca Mose cinalolera iwo osakhoza kupeza mwana wa nkhosa. Sanacite manyazi ndi kucepa kwa zimene anali nazo, ndipo Mulungu anazilandira. Iye yemweyo adalitse minda yanu, asunge apaulendo, ndipo atilowetse tonse m'caka catsopano ndi mtendere.