Musathamangire kabawuti ka throttle

Anyamata inu amene mwayamba umakaniko kuno kwa Ludzi, pali kabawuti kamodzi kamene manja anu amakakonda mopitirira. Galimoto ikabwera ikunjenjemera, kapena ikuzima dalaivala akangochotsa phazi pamoto, musanafunse n'komwe kuti vutolo layamba liti, sikuludilaiva ili kale pa throttle body. Mupotoza pang'ono, injini ikweza mawu, mwini wake amwetulira, mulandira ya sopo. Pakutha sabata galimoto ija yafera pa Kamwendo, makaniko wina akufunsa kuti anaigwira ndani.

Mpweya wonse wopita mu injini umadutsa mu throttle body. M'kati mwake muli kambale kamene kamatseguka mukaponda moto, n'kutsekeka mukasiya. Kabawuti kaja ntchito yake ndi kuimitsa kambaleko kuti kasalume khoma n'kukanirira. Anakayeza kufakitale, ndipo pa magalimoto ambiri anakadontheza penti kuti aliyense aone ngati wina wakakhudza. Pa kabuleta ya njinga ya kabaza nkhani ndi ina, kabawuti ka idling anakaikira dala kuti muzikapotoza. Koma pa galimoto ya ma injector, kumapeto kwa kachitsulo konyamula kambale kuli sensa yotchedwa TPS, imene imauza kompyuta kuti phazi laponda motani. Mukasuntha kabawuti, kompyuta imamva ngati dalaivala waponda pomwe sanaponde. Petulo amayamba kutha ngati wabedwa, giya ya otomatiki n'kumalowa mogunda. Mwamwetsa panado munthu wa malungo: thupi lazizira, nthenda ili pomwepo.

Ndikuuzeni za injini imene kusewera kotereku sikukhululuka. Simuiona kawirikawiri pamsewu wa M12, komatu magalimoto ochokera ku Japan akulowa tsiku ndi tsiku kudzera pa Songwe, ndipo mnyamata wogulitsa bwino soya amatha kukopeka ndi mtengo wotsika wa Mazda RX-8 pa intaneti. Tsiku lina idzaima pagalaja panu.

Injini yake, yotchedwa rotary, ilibe mapisitoni, ilibenso mavavu. Anaitulukira ndi Felix Wankel wa ku Germany, ndipo yoyamba inalira ku kampani ya NSU mu 1957. Mazda anaiika mu Cosmo Sport mu 1967, kenako mu RX-7 kuyambira 1978 mpaka 2002, ndi mu RX-8 kuyambira 2003 mpaka 2012. Mu 1991 galimoto yawo ya 787B, yokhala ndi injini ya mtundu womwewu, inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France, choncho musaiyese chidole. M'malo mwa pisitoni muli rota, chitsulo cha ngodya zitatu chozungulira m'chipinda. Pa ngodya iliyonse pali kachitsulo kopyapyala, apex seal, kamene kamakhula khoma kuti mpweya wopanikizidwa usathawe. Moyo wa injini yonse uli pa tizitsulo timeneti.

Tizitsuloti timafuna oyilo, n'chifukwa chake injiniyi ili ndi pampu yaing'ono yodontheza oyilo m'chipinda choyakira mafuta. Imadya oyilo mwadala, musamuuze mwini wake kuti yatha. Tsono mverani apa. Pa ma RX-7 akale, mpaka a 1988, pampuyo imakokedwa ndi kandodo kolumikizidwa ku throttle komweko. Phazi likazama, oyilo amachuluka. Munthu amene wamasula throttle body n'kuiwala kubwezera kandodoko, kapena wakapinda kuti kasamusokoneze, wamana injini oyilo osadziwa. Galimoto ichoka bwinobwino, n'kukafera kutali ndi iye. Pa zatsopano pampuyo imalamulidwa ndi kompyuta, koma kompyutayo imawerenganso zomwe sensa zaiuza. Sensa ikanama, zonse zotsatira zimasokonekera.

Palinso za kusintha kuti galimoto izithamanga kwambiri. Mudzaona pafoni anthu akuchotsa timbale tina m'kati mwa throttle body ya RX-7, ena akukulitsa bowo. Timbale towonjezerato Mazda anatiika kuti tikhale totseka mpaka injini itatentha, kuti munthu wopupuluma asaikakamize ikadali yozizira. Anthu mukuwaonerawo ali ndi makina oyezera kusakanikirana kwa mpweya ndi petulo, ndipo akasintha chitsulo amasinthanso kompyuta. Inu mukalowetsa mpweya wambiri petulo ali yemweyo, makamaka pa injini ya turbo, moto umaphulika nthawi isanakwane, apex seal n'kuthyoka. Chidutswa chake chimakanda khoma lonse potuluka. Zipangizo zimenezo simukazipeza pa Boma, mwinanso ngakhale ku Lilongwe kapena ku Chipata. Muzidikira za ku Johannesburg kapena ku Japan, galimoto ili pamiyala, nkhuku zikuikira mazira pampando.

Enanso amatseka mapaipi a madzi otentha opita ku throttle body, amvekere amatenthetsa mpweya. Pa RX-7 madzi amenewo ndi amene amatsitsa idling injini ikatentha. Ndipo inu mukudziwa mmene kumazizirira kuno m'mawa wa June ndi July.

Mdani wathu weniweni kuno ndi fumbi. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, galimoto iliyonse yolowa m'midzi kukatenga mtedza ndi chimanga imapuma dothi. Yambani ndi ea kilina: yang'anani ngati yatsekeka, yang'ambika, kapena wina anaichotseratu poti yatsopano ndi yodula. Tsatani paipi yonse ndi zala, chifukwa kamng'alu kakang'ono kamalowetsa mpweya umene sensa sinauwerenge. Timapaipi ting'onoting'ono ta labala timauma ndi kutentha, ndipo rotary imatentha kuposa injini zimene mwazolowera. Funsani komwe petulo anagula. Wa m'zigubu, amene tinamuzolowera nthawi ya mizere pamafilling'i, amabwera ndi madzi ndi zinyalala. Safunsa anadya phula. Onaninso mapulagi, pokumbukira kuti rota iliyonse ili ndi awiri osiyana, ndipo sasinthanitsidwa malo.

Mukafika pa throttle body, itsukeni ndi mankhwala ake ndi kansalu kofewa, osati sandipepala kapena waya. Gasiketi ikang'ambika ikani ina, musamate silikoni. TPS imayezedwa ndi multimeter motsatira buku la galimotoyo, khutu silingakuuzeni mavoti.

RX-8 ndiye ilibe n'chingwe chomwe chochokera kuphazi. Kambale kamatsegulidwa ndi kamota, monga zilili pa magalimoto ambiri atsopano amene mukuwagwira kale. Musakakankhe mwamphamvu ndi chala, kapena kupisamo dzanja kiyi ali koyatsa. Mukatsuka throttle body kapena kuchotsa batire, isiyeni injini ilire payokha mpaka itenthe, kompyuta ipezenso idling yake, imene imakhala pafupi ndi 800 rpm.

Ndipo ikabwera pagalaja, musailize yozizira n'kuizimitsa pompo pongofuna kuisuntha pamthunzi. Petulo amadzaza m'chipinda, mapulagi n'kunyowa, osaliranso. Zikatero pondani moto mpaka pansi muli kuliza sitata, chifukwa kompyuta ikaona choncho imadula petulo, chipinda n'kuuma. Ikamavuta kulira itatentha koma yozizira ikulira msanga, throttle isiyeni, muuzeni mwini wake akayezetse kompulesheni kwa amene ali ndi choyezera cha rotary.