Mkuyu wa pa LinkedIn

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: chooneka bwino kunja chimatha kubisa zowola. LinkedIn, yomwe Microsoft idagula mu 2016, yafika pamenepo. Makaniko wa ku Shurugwi akangolembapo kuti amakonza makina pamgodi wa pulatinamu wa Unki, mauthenga amangogwa ngati mvula, ofanana ngati mapasa, olonjeza ntchito osatchula kampani, ena ofuna ndalama ya fomu.

Ena amati wosowa ntchito sasankha. Komatu agogo athu ambiri ochokera ku Nyasaland adalowa m'migodi ya Rhodesia pa chibaro atamva mawu okoma omwewa. Wolemba anthu ntchito ankadyera pa kuchuluka kwa mitu, ndipo ambiri a lero amalandirabe komishoni pa munthu aliyense.