Kodi nsomba imodzi ikawola, zonse zawola?

Ndimagwira nchito pa wailesi ya m'dera lathu lino, ndipo masiku ena madzulo ndimatsegula foni kuti omvera alankhule. Tsiku lina tinaulutsa uthenga wa maliro a mnyamata wa m'mudzi wina kufupi ndi Mandimba, msilikali amene anaphedwa ndi zigawenga ku Cabo Delgado. Mauthenga a maliro ndimawerenga pafupifupi tsiku lililonse, koma tsiku limenelo foni inalira osapuma. Ena ankapepesa anamfedwa, ena ankangosisima osanena kanthu. Kenako anaimba bambo wina wacikulire, mawu akunjenjemera.

"Acimwene, tisanamizane," anatero bambowo. "Amene apha mwana wathu tikuwadziwa. Amaswali m'mizikiti yomweyi. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Kuseri kwa msika kuli alendo ena acokera kunyanja ya mcere, nyumba yawo ndi ija ya..."

Asanamalize kuchula nyumbayo ndinadula foni n'kuika nyimbo. M'mawa mwake ndinamva kuti bambo aja anali atsibweni ake a malemu, amene anamulera ndi kumulipirira sukulu. Ndinali nditadula mawu munthu wofedwa, maliro asanaikidwe n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa: msilikali akaphedwa ndi anthu amene amati akumenyera cipembedzo, mlandu wake umathera pa yani? Ndipo ife otsala, ngongole yathu kwa womwalirayo ndi yotani?

Mantha a atsibweni aja si opanda pake. Nkhondo imeneyi inayamba pa 5 Okutobala 2017, pamene anyamata okhala ndi zikwanje ndi mfuti anaukira apolisi ku Mocímboa da Praia. Nthawi imeneyo tinkaiona ngati nkhani ya kutali. Kumapeto kwa 2021 inalowa m'cigawo cathu ca Niassa, m'boma la Mecula, anthu n'kuthawa m'midzi mwawo. Mu Epulo 2025 zigawenga zinaukira misasa ya m'nkhalango yosungira nyama ya Niassa, umodzi mwa iyo wa Mariri, ndipo kunafa asilikali, alonda a nyama ndi anthu wamba. Mariri ali m'mbali mwa Lugenda, mtsinje womwe uja umatuluka m'nyanja yathu ya Amaramba. Kuonjezera apo, m'caka ca 2023 nyumba ya malamulo inakweza zaka zotumikira ku usilikali kucoka pa 2 kufika pa 5. Mayi aliyense wa ku Ngauma, Mandimba kapena Cuamba amene mwana wake ali ku tropa amagona foni ili kumutu. Munthu wamantha ndi wacisoni amafuna nkhope yoti ailoze, ndipo nkhope ya mnansi ili pafupi kuposa ya cigawenga cimene cili m'chire.

Koma tiyeni tiuone bwino mwambi umene atsibweni aja anachula. Pitani pa msika muone amayi ogulitsa milamba ndi matemba a ku Chiuta. Akapeza nsomba imodzi yayamba kununkha, kodi amataya dengu lonse? Ayi. Amaicotsa msanga imodziyo, zotsalazo n'kuziyanika kapena kuziwamba. Mwambiwu umacenjeza mwini dengu kuti asagone tulo, cifukwa yowola ikasiyidwa iwoletsa zinzake. Sunena kuti nsomba zabwino zilangidwe cifukwa zinagona dengu limodzi ndi yowola. Makolo omwewo anatisiyiranso mawu akuti coipa citsata mwini. Miyambi iwiriyi sitsutsana. Wina ukunena za udindo, winawo ukunena za mlandu. Udindo woyang'anira ana athu ndi wa tonse. Mlandu wa magazi ndi wa amene anagwira cikwanje, amene anamutuma, ndi amene anamubisa akudziwa.

Wina anganene kuti, "Nanga pa mwambo wathu, mwana akalakwa si abale ake amene amalipira?" Zoona. Mnyamata akatentha nkhokwe ya eni, mwini mbumba ndiye amapita ku bwalo, ndipo mbuzi ya cindapusa imacokera m'khola la banja. Koma taonani mmene zimayendera. Coyamba, mlandu umazengedwa pamaso pa mfumu, mboni zilipo, wolakwa n'kudziwika ndi dzina. Caciwiri, olipira ndi abale enieni a wolakwayo, osati aliyense wa mtundu wake kapena wopemphera ngati iye. Cacitatu, colinga ca kulipirako ndi kulumikizanso mabanja awiri kuti mawa adzathe kupalana moto. Zimene atsibweni ankafuna pa wailesi zinalibe ngakhale cimodzi mwa zitatuzi. Panalibe bwalo, panalibe mboni, ndipo mapeto ake akanakhala nyumba yopsa. Pa mfundo imeneyi Baibulo ndi Kurani zimagwirizana: onse awiri amaphunzitsa kuti munthu sasenza chimo la mnzake.

Ndiponso kuno kwathu, mukati "Asilamu aja" mukunena ndani? Bambo ake a msilikali tinamuika uja ndi Msilamu, mayi ake ndi Mkatolika. Mawu a atsibweni anagwera alamu awo enieni, amene usiku umenewo anali pasiwa akulira mwana yemweyo. Misoni ya Massangulo yakhala pakati pa midzi ya Ayao acisilamu kwa zaka zambirimbiri, ndipo ana a mashehe aphunzira m'makalasi amodzi ndi ana a akatekisiti. Manda tikakumba, adzukulu safunsana kuti umapemphera Lacisanu kapena Lamulungu. M'gulu la asilikali a FADM amene akufa kumpotoko muli Asilamu ambiri. Mwa anthu oposa 1 miliyoni amene anathawa m'nyumba zawo ku Cabo Delgado, ambiri a m'mbali mwa nyanja ndi Asilamu, ndipo mizikiti yawo inatenthedwa monga anatenthera machalichi. Nkhondo isanayambe, atsogoleri acisilamu a kumeneko ndi amene anayamba kudandaula kwa akuluakulu a boma za kagulu ka anyamata kamene kankanyoza mashehe akale, kuletsa ana sukulu za boma ndi kulowa mumzikiti nsapato zili kuphazi. Eni dengu anamva fungo msanga, koma mawu awo sanamveke mokwanira.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Amene angazindikire kuti mnyamata wayamba kusokera ndi mayi ake, shehe wake, mnzake wa pa kabaza. Iwo ndi amene amaona kuti wapeza ndalama zosadziwika kocokera, kapena kuti wina wamulonjeza nchito kutali popanda kunena dzina la bwana. Anthu amenewa angalankhule pokhapokha ngati akudziwa kuti kulankhulako sikuwabweretsera moto padenga. Tikayamba kuloza cala aliyense wovala mkanjo ndi kofiya, pakamwa ponse patsekeka, ndipo yowola ija ikhalabe m'dengu. Zigawenga zimalalikira kuti Msilamu alibe malo m'dziko lino. Tsiku limene tidzagenda nyumba ya mnansi cifukwa ca cipembedzo cake, tidzakhala tawapatsa umboni waulere.

Kukayikirana kumapha, ndipo sikusankha. Mu Malichi 2024, ku Catapua m'boma la Chiúre, amuna 3 amene anatumidwa kukaphunzitsa anthu za kalembera wa cisankho anaphedwa ndi a Naparama, amene anawayesa zigawenga. Anali anchito a dziko lomweli, ofedwa awo akulira mpaka lero. Amene anawapha ankaganiza kuti akuteteza mudzi. Ife ogwira cimkuzamawu tili ndi cifukwa cinanso coopera. Asilikali a ku Rwanda amene ali ku Cabo Delgado kuyambira mu Julayi 2021 akucokera m'dziko limene mu 1994 wailesi ina inkachula maina a anthu ndi malo amene abisala, akupha n'kumatsatira. Mawu onenedwa pansi pa mtengo wa mango amamva anthu khumi. Onenedwa pa wailesi amafika mpaka ku Chiponde ndi ku Namwera, tsidya la Malawi, ndipo sabwezeka.

Zotere sizicitika kwathu kokha. Pa 22 Meyi 2013, ku Woolwich mumzinda wa London, anthu awiri anapha msilikali wa zaka 25 dzina lake Lee Rigby masana, pamsewu, n'kumanena kuti acita zimenezo cifukwa ca Cisilamu. Masiku otsatira mizikiti ina ku Britain inagendedwa, ina kuponyeredwa moto. Koma banja la msilikaliyo linapempha poyera kuti dzina la mwana wawo lisagwiritsidwe nchito ngati cifukwa covulazira anthu ena. Akupha aja anagwidwa, anazengedwa mlandu kukhoti ndipo anawalamula kukhala m'ndende moyo wonse. Banja lija silinakhululukire mlandu. Linangokana kuti mlanduwo usamukire kwa osalakwa.

Tsono ngongole yathu kwa msilikali wophedwa ndi yotani? Ine ndikuona zinthu zitatu. Coyamba ndi coonadi. Banja liyenera kudziwa kuti mwana wawo anafa liti, anafera kuti, ndipo ngati n'kotheka thupi lake libwere ligone pafupi ndi agogo ake. Palibe cowawa ngati mayi amene amva za imfa ya mwana wake kudzera pa cithunzi ca pa WhatsApp. Caciwiri ndi kusamalira amene wawasiya. Lamulo lili ndi cipukuta misozi ca banja la msilikali wofera pa nchito, cimene pa Cipwitikizi amati pensão de sangue. Koma mapepala amafuna munthu wodziwa kuwerenga, amafuna ndalama za chapa, amafuna wina wotsala ndi ana pamene mayi wamasiye ali paulendo. Ambiri amene amakuwa kwambiri pa tsiku la maliro saonekanso ikafika nthawi yolima munda wa mayiyo. Cacitatu ndi cilungamo ceniceni: amene anapha, ndi amene amalemba ana athu m'gulu limenelo, agwidwe ndi kuzengedwa. Amene ali ndi umboni apite nawo kwa amfumu ndi kupolisi, komwe ungayesedwe, ndipo apolisiwo aufufuze mwaulemu, osati kugwira munthu cifukwa ca ndevu zake.

Kubwezera kwa mnansi mulibe pa mndandanda umenewu. Mnyamata uja anavala yunifomu kuti ateteze midzi ya anthu amene sankawadziwa, ambiri a iwo Asilamu olankhula Cimwani ndi Cimakuwa. Ngati m'dzina lake tithamangitsa banja limene lathawa nkhondo yomweyo, ndiye kuti tapasula nchito imene anafera.

Ife a m'malire tikudziwa tanthauzo la kukhala mlendo wokayikiridwa. Pa nkhondo ya zaka 16, anthu pafupifupi 1 miliyoni a dziko lino anathawira ku Malawi, ndipo ambiri mwa inu amene mukuwerenga kabuku kano munaoloka ndi mtolo pamutu, kapena munabadwira tsidya linalo. Tinkacokera kumene kunali mfuti, ndipo eni mudzi akanatha kunena kuti tabweretsa nkhondo. Ena ananenadi. Koma ambiri anatipatsa malo omanga kasakasa ndi kadimba. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera n'kukhala mudzi umodzi ndi anthu amene tinkadziwa zimene anacita. Sizinali zophweka, ndipo mabala ena sanapole. Koma tikanati tiwerengere banja lililonse mlandu wa mwana wawo, bwenzi Mandimba lero ali bwinja.

Patapita milungu iwiri ndinapita kukapepesa maliro kwa atsibweni aja. Ndinawapeza akusoka mphasa pakhonde. Ndinati, "Malume, ndabwera kudzapepesa zovuta, komanso kudzapepesa kuti ndinakudulani mawu." Anakhala cete nthawi yaitali, kenako anati, "Munandicititsa manyazi pamaso pa dziko lonse." Ndinavomera. Ndinawauzanso zimene ndinafufuza: alendo a kuseri kwa msika aja anathawa mudzi wawo utatenthedwa, ndipo mwamuna wa m'nyumbamo anasiya mng'ono wake kumeneko osamuika. Atsibweni sanayankhe kuti ndinacita bwino, ndipo sindinayembekezere kuti atero. Anangondifunsa ngati ndikudziwa munthu amene angathandize mkazi wa malemu pa nkhani ya mapepala.

Kudula mawu wofedwa n'kulakwira ulemu, ndipo cimeneco ndacisenza. Koma foni ija ikanalira kaciwiri, ndikanadulanso. Cisoni ca atsibweni cinali coyenera kumveka ndi onse. Malo a nyumba ya alendo aja sanali oyenera kumveka. Mapepala tinawayamba sabata yotsatira, ndipo amene anapereka ndalama ya ulendo woyamba wa ku Lichinga anali alamu awo, atatuluka ku swala ya Lacisanu.