Mayiko agwirizana, nanga munthu wamba akadandaule kuti?

Mu 1953 boma la Britain linamanga pamodzi Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia n'kupanga Chitaganya, likulu lake ku Salisbury. Eni nthaka sanafunsidwe. Voti yovomereza inachitika ku Southern Rhodesia kokha, ndipo ovota ake pafupifupi onse anali azungu. Mafumu a kuno anawoloka nyanja mpaka ku London kukapereka madandaulo, koma sanaloledwe kuonana ndi Mfumukazi. Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando chaka chomwecho chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma. M'nyumba ya malamulo ya Chitaganya munali mipando 35, ndipo anthu akuda, omwe anali mamiliyoni, anangopatsidwa 6.

Pali choonadi china chimene sitikonda kuchinena. Pankhani ya chuma, Chitaganya chinalumikiza mayiko atatuwa mozama kuposa mgwirizano uliwonse umene tili nawo lero. Ndalama inali imodzi, katundu ankadutsa malire popanda msonkho, kampani ya ndege inali imodzi, ndipo damu la Kariba linatha mu 1959 n'kuyamba kupereka magetsi mbali zonse za Zambezi. Ndalama zina zinafikadi kuno. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinamangidwa m'zaka zomwezo. Koma mkuwa wa ku Copperbelt ndiwo unkadzaza thumba la boma, mafakitale n'kumamera ku Salisbury ndi ku Bulawayo, pomwe Nyasaland inali kotolera anthu okagwira ntchito m'minda ya fodya ndi m'migodi. Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa chawo kuti madzi a Kariba apeze malo, ndipo nawonso palibe anawafunsa.

Dr Hastings Kamuzu Banda atatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, mkwiyo unali utakula kale. Pa 3 Malichi 1959 boma linalengeza za chipwirikiti, anthu anaphedwa ku Nkhata Bay ndi m'madera ena, atsogoleri a Nyasaland African Congress anatsekeredwa. Pa 31 Disembala 1963 Chitaganya chinatha. Anthu sanakane magetsi kapena misewu. Anakana kulamulidwa ndi mgwirizano umene analibe pakhomo poti n'kugogoda ukawalakwira.

Mgwirizano wachiwiri unabadwa mosiyana. Pa 1 Epulo 1980 atsogoleri a mayiko 9 anakumana ku Lusaka n'kukhazikitsa SADCC, cholinga chake kuchepetsa kudalira South Africa ya tsankho. Anagawana ntchito: Mozambique za mayendedwe, Angola za mphamvu, Zimbabwe za chakudya, Malawi za nsomba, nkhalango ndi nyama zakuthengo. Malawi analowamo ngakhale anali pa ubale wa ukazembe ndi Pretoria kuyambira 1967, ndipo nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za ku Beira ndi Nacala tinaona tokha kuti dziko lopanda gombe silingakhale lokha. Mu 1992 ku Windhoek bungweli linasanduka SADC. Pambali pake panali mgwirizano wa zamalonda wa PTA wa 1981, umene unasanduka COMESA pamsonkhano wa ku Lilongwe mu Disembala 1994, mlembi wamkulu wake ali Bingu wa Mutharika.

Zipatso zake zilipo, ndipo si zazing'ono. Pachipata cha Mchinji ndi Mwami tsopano akuluakulu a mayiko awiriwa amagwirira ntchito pamalo amodzi, munthu osatsika kawiri kukadinditsa mapepala. COMESA inakonza njira yapafupi ya amalonda ang'onoang'ono, yoti katundu wosapitirira madola 2,000 amene ali pamndandanda wovomerezeka adutse ndi fomu yaifupi popanda msonkho wolowera. Koma taimani pachipatapo m'mawa. Mayi watsika m'minibasi ndi matumba awiri a mtedza, chitupa chowolokera chili m'manja, mwana kumsana. Lamulo lili kumbali yake, koma ngati sakulidziwa, kapena wapawindo wanena kuti lero mtedza sukudutsa, amatembenuka n'kuitana wakabaza kuti amuzungulitse njira zachidule za m'tchire, kumene amalipira zambiri komanso kuika moyo wake pachiswe. Pangano linasainidwa m'dzina lake, koma palibe amene amamuuza koti akasume.

Apa ndi pamene nkhani ya bwalo lamilandu la SADC imandipweteka. Bwaloli linali ku Windhoek, ndipo munthu wamba ankatha kusumira boma lake kumeneko akalephera kupeza chilungamo kwawo. Mu 2008 linagamula mokomera Mike Campbell ndi alimi anzake amene analandidwa minda ku Zimbabwe. Boma la Robert Mugabe linakana chigamulocho. Atsogoleri anzake, m'malo molimbikira kuti pangano litsatidwe, anaimitsa bwalolo mu 2010, ndipo mu 2014 ku Victoria Falls anakonza pangano latsopano loti bwalo lizimva milandu ya pakati pa maboma okha. Munthu atha kukhala ndi maganizo ake pa nkhani ya minda ya ku Zimbabwe, ndipo mbiri ya kulandidwa kwa nthaka ndi atsamunda ndi yowawa zedi. Koma khomo limene linatsekedwa silinali la alimi achizungu okha. Linalinso la mdzukulu wa mtchona wa ku Nyasaland amene anabadwira m'mafamu a ku Mashonaland n'kupezeka wopanda dziko malamulo a unzika atasintha mu 2001. Linalinso la mayi wa mtedza uja.

Popanda woweruza amene onse amamumvera, mikangano imathera pa kubwezerana. Mu 2025 Malawi analetsa mbewu zina zochokera kunja, Tanzania nayo inatseka chipata ku zokolola za ku Malawi, ndipo malole anaima ku Songwe mpaka nduna zitakambirana. Mayiko onse awiri ndi mamembala a SADC, ndipo onse ali m'dera la malonda opanda msonkho limene linayamba mu 2008. Nthochi ndi tomato sizidikira msonkhano wa nduna. Woluza ndi amene anakongola mpamba.

Ena amati mayiko aang'ono ngati athu sangapereke mphamvu zawo ku mabungwe akunja titavutikira ufulu chotere. Mantha amenewa ndimawamvetsa, chifukwa anabadwira m'Chitaganya. Komatu chimene makolo athu anakana chinali ulamuliro wosayankha kwa anthu, ndipo bwalo lotseguka kwa munthu wamba ndi mankhwala a matenda omwewo. Zotheka zilipo. Bwalo la COMESA limalandirabe milandu ya anthu ndi makampani, ndipo mu 2013 kampani ya penti ya Polytol inapambana boma la Mauritius pa msonkho umene linabwezeretsa mosemphana ndi pangano. Ku South Africa, bungwe la maloya linatengera nkhani ya bwalo la SADC kukhoti, ndipo mu Disembala 2018 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti mtsogoleri wakale wa dzikolo, Jacob Zuma, analakwitsa potenga nawo mbali poimitsa bwalolo. Dzikolo linachotsa siginecha yake pa pangano la 2014. Maloya ndi aphungu a ku Lilongwe ndi ku Lusaka ali ndi mphamvu yofunsa maboma awo funso lomwelo, ndipo mabungwe a amalonda owoloka malire ali ndi chifukwa chokwanira chowakakamiza kutero.