Ahedi, Tsegulani Mabuku. Makolo, Tiyeni Kusukulu

Boma la Bakili Muluzi litalengeza mu 1994 kuti maphunziro a pulayimale ndi aulere, ana anakhamukira kusukulu. Chiwerengero chawo chinachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Inali nkhani yokoma, ndipo mpaka lero ndi yokoma, chifukwa mwana wa mayi wamasiye amene kale ankabwezedwa pakhomo kaamba ka fizi analowa m'kalasi. Koma walira mvula walira matope. Zipinda sizinakwane, patsinde pa mango ndi kachere panasanduka makalasi, ndipo boma linalemba aphunzitsi masauzandemasauzande amene anali asanapite kukoleji ya uphunzitsi. Matope amenewo sanaumebe. Cholinga cha boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'sukulu zambiri mukasuzumira mu Sitandade 1 mupeza ana opitirira 100 atakhala pansi, kope lili pamaondo.

Pali chinanso chimene chinatipulumuka m'zaka zimenezo. Anthu anali atatopa ndi ntchito zokakamiza za nthawi ya chipani chimodzi, tsono ufulu utabwera ambiri anayamba kuona ntchito iliyonse yachitukuko ngati thangata. Mawu anali akuti, sukulu ndi ya boma, boma limange. Mawuwo si opanda nzeru, pajatu msonkho timakhoma, ndipo udindo wolipira aphunzitsi, kugula mabuku ndi kumanga midadada ndi wa boma ndithu. Tisaleke kulikumbutsa. Koma mwana wanu ali mu Sitandade 2 chaka chino, osati chaka chimene bajeti idzakwanire. Akalephera kuwerenga panopa, adzavutika mpaka pa mayeso a MANEB a Sitandade 8, ngati adzafikeko n'komwe.

Ndiyambe ndi inu, ahedi. Musadzanenenso kuti makolo a kuno ndi ouma manja. Makolo omwewo maliro akagwa amasonkha ufa, nkhuni ndi ndalama tsiku lisanathe. Omwewo amanga matchalitchi ndi mizikiti ndi ndalama za m'thumba mwawo. Amayi a banki m'khonde amasunga kaundula wa masheya ndi ngongole mopanda kuphonya ngakhale tambala. Bungwe la Mary's Meals linayamba kuno ku Malawi mu 2002 ndi ana 200 okha, ndipo lero likudyetsa ana oposa miliyoni m'dziko muno. Amene amalawirira m'bandakucha kukasonkha moto ndi kutakasa phala ndi makolo, osalandira malipiro. Anthu otere sangakhale aulesi kapena oumira.

Nanga bwanji ikafika nkhani ya thumba la sukulu amabweza dzanja? Ambiri anaperekapo kale, osamvanso kumene ndalamayo inapita. Anauzidwa za malata, malata osaoneka. Anafunsa pamsonkhano, n'kuyankhidwa ngati ana. Kholo likanyozedwa kamodzi silikalipa, limangokhala chete n'kusiya kubwera.

Choncho ntchito yanu yoyamba si kupempha ayi, koma kuonetsa. Ndalama zotukulira sukulu zimene boma limatumiza kuakaunti ya sukulu, zija timati SIG, n'zochepa ndipo kawirikawiri zimachedwa, komabe zikafika lembani papepala lalikulu: zabwera zakuti, tagula choko cha zakuti, takonza madesiki akuti, zatsala zakuti. Pepalalo limatidwe panja pa ofesi, m'Chichewa chomveka kapena m'chiyankhulo cha m'deralo, pamene mayi wodzatenga mwana angaliwerenge. Malisiti akhale m'fayilo imene membala wa komiti ya sukulu angaitsegule popanda kuchita kupepesa. Ndalama ya makolo isagone m'dilowa mwanu ngakhale usiku umodzi. Msungichuma akhale kholo losankhidwa ndi makolo anzake, ndipo kubanki asatape munthu mmodzi. Kutero si kukukayikirani. Ndi chishango chanu chomwe, pakuti mphunzitsi wamkulu amene mabuku ake ali poyera, miseche ya pamjigo siimugwira.

Mukatero, sankhani chinthu chimodzi. Osati mndandanda wa mavuto khumi ndi awiri umene munthu akaumva amangoti, apa ndiye zatikulira. Chimodzi, chooneka ndi maso, chotheka teremu isanathe. Ine ndikanakhala pampando wanu ndikanayamba ndi zimbudzi za atsikana ndi kachipinda kosinthira, chifukwa amayi a Mother Group akuuzani okha kuti mtsikana akatha msinkhu, kusowa malo odzisamalira kumamukhazika pakhomo masiku angapo mwezi uliwonse, ndipo wojombajomba sachedwa kusiyiratu. Werengerani matumba a simenti, malata, misomali ndi malipiro a mmisiri, mtengo wake muunene pagulu. Pitani nokha kwa amfumu, musatume mwana ndi kakalata. Msonkhano usakhale tsiku la msika kapena mvula yodzalira itangogwa. Ndipo pamsonkhanopo musalankhule maola awiri. Nenani mwachidule, kenaka khalani pansi mumve.

Koma pali mzere umene simuyenera kudumpha. Mwana asabwezedwe kunyumba chifukwa kholo lake silinasonkhe. Asamanidwe lipoti la mayeso, asaitanidwe dzina pa asembule kuti anzake amuseke. Lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kukhala pasukulu ya pulayimale, ndipo chopereka chikasanduka chiphaso cholowera m'kalasi ndiye kuti fizi ija yabwereranso kudzera khomo lakuseri. Mwana amene mungamuthamangitse chifukwa cha kandalama kochepa ndi yemweyo amene sukulu yaulere inabwerera. Gogo wolera ana amasiye asanu akabwera ndi ndowa imodzi ya mchenga, mulembeni m'kaundula mofanana ndi mwini golosale amene wapereka thumba la simenti.

Tsopano inu makolo anzanga. Kupereka si ndalama yokha. Pali mchenga wa kudambo, miyala yoswa, madzi otunga, ngolo yonyamulira. Pali kalipentala m'mudzi mwanumo amene angakhome madesiki othyoka Loweruka limodzi. Pali malo a sukulu ongomera tchire, pamene mukanalima chimanga ndi soya kuti ana azimwa phala m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene njala imapulula makalasi. Pali mitengo yoti mudzale kuzungulira sukulu kuti mphepo isamasasule madenga. Amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa mmene makalasi anagwera m'chigawo cha kummwera, ndi mmene sukulu zotsala zinasandukira misasa ya anthu othawa madzi. Tsiku latsoka, mudzi wonse umathawira m'chipinda chomwecho chimene ena ankati n'cha boma.

Mukafuna kumanga, funsani kaye kukhonsolo za njerwa zoyenera, chifukwa kuyambira 2018 malamulo amaletsa njerwa zowotcha pa nyumba za boma pofuna kuteteza mitengo. Zingakhale zowawa kuumba ndi kuwotcha uvuni wathunthu kenaka n'kuuzidwa kuti sizigwira ntchito.

Kumbukiraninso ana a sukulu yomweyo amene anakula. Ena ndi manesi ku Lilongwe, ena akuyendetsa maminibasi ku Blantyre, ena ali ku Joni. Ambiri sanakane kuthandiza; sanafunsidwe chabe. Masiku ano ndi gulu la pa WhatsApp, Airtel Money kapena Mpamba, munthu ali ku Johannesburg akhoza kulipira malata awiri. Koma nayenso afuna kuona chithunzi cha lisiti ndi cha khoma likukwera, ndipo akulondola.

Abambo, pamisonkhano ya PTA mumakhala kuti? Mabenchi amadzaza ndi amayi, ena mwana kumsana, pamene inu mwati muli ndi zochita. Zochitazo nthawi zina zimakhala bawo. Bwerani. Funsani mafunso ovuta, koma mwaulemu, pamaso pa onse, osati kukang'ung'udza kumowa. Posankha komiti musasankhe munthu chifukwa ndi mlamu wa amfumu. Sankhani amene mungamusungitse ndalama yanu ya feteleza n'kugona tulo.

Ndipo musaope kuti mukayamba nokha ndiye kuti boma mwalimasula. Amene akukumbukira zitukuko za thumba la MASAF m'zaka za m'ma 1990 akudziwa kuti midzi inkasonkha mchenga, njerwa ndi mphamvu zawo, thumba lija n'kubweretsa simenti ndi malata, ndipo midadada yambiri ya nthawi imeneyo ana akuphunziramobe. Gulu lofika kwa mlangizi wa sukulu (PEA), kwa khansala kapena kwa phungu wa dera likunena kuti maziko takumba, miyala ili pamalo, kaundula wathu nayu, tatsala ndi denga, limamveka mosiyana ndi gulu longopita kukadandaula. Ndalama za chitukuko cha dera, zija za CDF, ndi zanu, ndipo mukazifunsa muli ndi chogwirika m'manja, wokukanizani amachita manyazi.

Ahedi, sabata ino itanani wapampando wa komiti, wa PTA ndi wa Mother Group, muyendere limodzi sukulu yonse, kuyambira kuzimbudzi mpaka kukalasi ya pansi pa mtengo, mugwirizane chinthu chimodzi choyamba nacho. Matani pakhoma ndalama za teremu yathayi, ngakhale zitakhala zochititsa manyazi kuchepa kwake. Kenaka kapempheni amfumu alengeze tsiku la msonkhano, ndipo inu makolo, likalengezedwa, siyani khasu m'mawa umodzi wokhawo mubwere.