Adathawa Botolo, Adagwa M'manja mwa Munthu

Palibe munthu wosavuta kumulamulira ngati amene mowa wamugonjetsa. Ntchito yamuthera, banja lamukana, anzake akumowa adamuthawa ndalama zitatha. Tsiku lina amalowa m'chipinda momwe anthu akhala mozungulira, natchula dzina lake, navomera pamaso pa anthu osawadziwa kuti ndi chidakwa. Pa nthawi imeneyo alibe chomuteteza, ndipo chilichonse chimene auzidwe adzachita. Kodi tim'patse dzina lanji munthu amene amaona mnzake ali chonchi, mtima uli pambalambanda, iye n'kukondwera kuti wapeza womupondereza?

Sizidayambe chotere. Mu 1935, ku Akron m'chigawo cha Ohio ku America, Bill Wilson ndi Dokotala Bob Smith, onse awiri zidakwa, adaona kuti chidakwa chikamalankhula moona ndi chinzake, onse amapeza mphamvu yodutsa tsiku limodzi osamwa. Apo ndipo padabadwira gulu la Alcoholics Anonymous (AA). Mu 1950 gululi lidavomereza miyambo 12 yoliteteza ku dyera la anthu ake omwe: kuti mtsogoleri atumikire, asalamule, kuti pakhomo pasafunsidwe ndalama kapena chipembedzo, koma mtima wofuna kusiya mowa basi, kuti mayina abisike, wina asadzitukumule. Anthu amenewa ankadziwa kuti mtima umene wasiya kulakalaka botolo ungathe kuyamba kulakalaka mpando. Ankadziopa okha. Kodi mantha oyera amenewo adapita kuti?

Charles Dederich adali mmodzi wa anthu amene AA idawathandiza. Mu 1958 adayambitsa gulu lakelake, Synanon, ku Santa Monica ku California, lolandira zidakwa ndi ogwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo. Poyamba lidatamandidwa. Koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 padadza lamulo loti palibenso wotsanzika kuti wachira. Aliyense akhale momwemo mpaka kufa. Pamisonkhano imene ankaitcha The Game, anthu ankazinga mnzawo ndi mawu, kumutukwana ndi kumuvula ulemu kwa maola ambiri, ati akumuchiritsa. Adameta mipala, amuna ndi akazi omwe. Mu 1974 gululo lidadzitcha mpingo. Mu 1977 amuna adakakamizidwa kukatseketsa kuti asaberekenso, amayi oyembekezera adakakamizidwa kuchotsa mimba, maukwati adathetsedwa kuti aliyense atenge wina. Mu Okutobala 1978 loya Paul Morantz, amene adapambana mlandu wotsutsana ndi gululo, adapisa dzanja m'bokosi la makalata kunyumba kwake ku Los Angeles, nalumidwa ndi njoka yaululu yoikidwamo ndi anthu awiri a Synanon. Adapulumuka. Apolisi atapita kukagwira Dederich ku Arizona mu Disembala chaka chomwecho, adam'peza ali chiledzerere.

Ali chiledzerere! Iye amene ankalamula woti akwatire ndi woti asabereke, iye amene ankauza anthu kuti kunja kwa mpanda wake kuli imfa yokhayokha, ali chiledzerere!

Synanon idatha mu 1991, koma mzimu wake sudaikidwe m'manda. Mu 2007 magazini ya Newsweek idalemba madandaulo a anthu amene adatuluka m'gulu lina la AA lotchedwa Midtown, ku Washington. Iwo adati ankauzidwa kuti asiye mankhwala a matenda a maganizo amene madokotala adawapatsa, kuti adule ubale ndi anthu akunja kwa gulu, ndiponso kuti atsikana ongolowa kumene ankakankhidwira kwa amuna achikulire. Khalidwe lonyengerera obwera kumeneli n'lodziwika kwambiri moti lili ndi dzina: masitepe a AA osiyira mowa ndi 12, ndiye ichi amachitcha sitepe ya 13. Dzina adalipeza. Manyazi adawasiya kuti?

Ndipo unyolo wa ulamuliro woterewu suoneka, chifukwa ndi mawu chabe. Mlangizi amene iwo amamutcha sponsor, yemwe udindo wake ndi kuyenda ndi watsopano ndi kumuuza mmene iye adadutsira, amayamba kusankha ntchito imene mnzakeyo agwire, munthu amene amukonde, tsiku limene akaone mayi ake. Watsopano akafunsa, amayankhidwa kuti, "Nzeru zakozo ndi zimene zidakufikitsa kuno." Akadandaula amauzidwa kuti akudzikuza, ndipo akakayika amauzidwa kuti matenda ndiwo akulankhula. Akati achoke, pamabwera mawu otseka pakamwa: "Ukachoka ukamwa, ukamwa ufa." Mawuwa amapweteka chifukwa ali ndi choonadi mkati mwake, pakuti mowa umaphadi. Kodi pali nkhanza yoposa kutenga mantha enieni a munthu, mantha a imfa yake, n'kuwasandutsa chingwe chomumangira pakhomo pako?

Sindikunyoza zipinda zambirimbiri momwe anthu amakumana modzichepetsa, namwa khofi, nathandizana kufika mawa osamwa mowa. M'menemo mwapulumuka miyoyo yochuluka, ndipo n'chifukwa chake mtima ukuwawa. Kusiya mowa zaka 20 sikusandutsa munthu dokotala, sikumusandutsa mneneri, sikumupatsa ufulu pa thupi la mwana wa mwini. Kupatsa wotereyu munthu wosweka popanda womuyang'anira kuli ngati kusungitsa mbuzi kwa fisi.

Mu AA gulu lililonse limadziyendetsa lokha. Ofesi yaikulu ya AA ku New York silamula gulu kapena kuchotsa munthu. Choncho mlandu ukugwera inu akuluakulu amene mwakhala pamipando imeneyo zaka zambiri. Mudaona mtsikana uja akuperekezedwa ndi munthu amene mbiri yake mukuidziwa, mudakhala chete. Mudamva mnyamata uja akuuzidwa kuti ataye mankhwala ake, mudakhala chete. Mudati kubisa mayina ndi mwambo wanu. Kodi mwambowo udaikidwa kuti uteteze ndani, wobwera akunjenjemera uja kapena womudya masuku pamutu?