Chilala Sichibwera Mobisala

M'Disembala 2022, owotcherera zitsulo a ku St Mary's kuno ku Chitungwiza ankagona masana. Magetsi akayaka pakati pa usiku, makina ankayamba kulira, kuwala kwa buluu kuli thwanithwani pa mipanda, mnyamata akulimbana ndi geti la kasitomala kuti limalizike kusanache. Amayi nawo ankadzuka kusita mayunifomu a ana tambala asanalire. Zimandiwawa kuti moyo woterewu tinafika pouzolowera.

Mwezi wa Novembala chaka chomwecho, bungwe la Zambezi River Authority linali litalamula kuti siteshoni ya Kariba South, ya mamegawati 1,050, iyambe yaima chifukwa madzi amene inagawiridwa anali atatha. Ambiri anangoti ndi chilala. Koma mu 2019 nyanja ya Kariba inaphwera, ife n'kumakhala mu mdima maola 18 pa tsiku. Vuto lobwera kawiri pa zaka zitatu si ngozi ayi, ndi kusakonzekera.

Taonani ku siteshoni ya magetsi ya Hwange. Makina akale anamangidwa m'ma 1980, ndipo atsopano awiri, a mamegawati 600 onse pamodzi, anayamba ntchito mu 2023. Pa zaka zoposa 30 za pakatipo, Seke ndi Zengeza zinkakula, nyumba zikuphuka ngati bowa. Zinthu zitathina mu 2016, anabweretsa majenereta a dizilo ku Dema, pafupi pomwepa. Magetsi ake anali odula, ndipo sipanapite nthawi makinawo anakhala chete.

Malamulo tili nawo: la magetsi la mu 2002, ndi la mu 2011 limene linakhazikitsa bungwe la ZERA loona za ziphaso ndi mitengo ya magetsi. Limene ndikulirira ine ndi lokakamiza nduna kutula ku Nyumba ya Malamulo dongosolo la zaka 20, lonena magetsi amene adzafunike, kumene adzachokere Kariba ikaphwa, ndi chaka chimene mathiransifoma ndi mawaya okalamba adzasinthidwe. Ndondomeko wamba imasintha nduna ikasintha, pomwe lamulo limapatsa aphungu mphamvu yofunsa chaka ndi chaka kuti, "Munalonjeza izi, zili kuti?"

Ena amati aliyense angogula sola. Wogulitsa tomato pa Chikwanha ndalama ya batire aitenga kuti? Ndipo sola ya padenga siingapope madzi a tauni yonse.

Phungu wanu akadzachititsa msonkhano, musakangomufunsa kuti magetsi abwera liti. Mukamufunse kuti bilu ya dongosolo limeneli adzaipereka liti.